Tsiku Limene South Africa Idatuluka Osagonja

M'masewero ambiri amene timawadziwa, timu imatuluka mumpikisano ikagonja. Koma pa 17 June 1999, pa bwalo la Edgbaston mumzinda wa Birmingham ku Mangalande, timu ya kiriketi ya South Africa idatuluka isadagonje. Idapeza ma run 213, ofanana ndendende ndi 213 a Australia, komabe anyamata a Australia ndiwo adapita ku ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse, a South Africa n'kumanga katundu ulendo wa kwawo. Kuchokera tsiku limenelo, nkhaniyi ikamakambidwa chala chimaloza munthu mmodzi, Allan Donald, amene adaima ngati chitsa pa nthawi imene amayenera kuliyatsa liwiro. Ine ndimaona kuti mlandu umenewu udaweruzidwa mothamanga, mboni zina zisadaitanidwe.

Poti kiriketi si masewero amene ambiri a ife tidakula nawo, ndiyambe ndalongosola pang'ono, odziwa kale andikhululukire. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Timu imodzi imaponya mpira, inayo imamenya ndi thabwa. Omenya amalowa m'bwalo awiriawiri, wina mbali ino wina mbali iyo, aliyense kutsogolo kwa timitengo titatu tozikidwa pansi. Mpira ukamenyedwa, awiriwo amathamanga kusinthana malo, ndipo akafika bwinobwino onse, imeneyo ndiyo run imodzi. Mpira ukagubuduzika mpaka kumalire a bwalo amapatsidwa ma run 4, ukadutsa malirewo uli m'malere amapatsidwa 6. Womenya amatuluka woponya akagwetsa timitengo take, kapena mpira umene wamenya ukawakhidwa usadagunde pansi, kapenanso adani akagwetsa timitengo iye ali pakati pa ulendo, asadafike pamzere. Anthu 10 akatuluka ndiye kuti timu yatha, pakuti wotsalayo alibe womathamanga naye. Mipira 6 yoponyedwa ndi munthu mmodzi imatchedwa ova, ndipo m'masewero a tsiku limodzi timu iliyonse imapatsidwa maova 50.

South Africa idafika ku Edgbaston ili ndi zipsera kale. Kaamba ka ulamuliro wa tsankho, dzikolo lidakhala kunja kwa kiriketi ya maiko kuyambira 1970 mpaka 1991. Litangobwerera, pa chikho cha 1992, lidafika ndime yachiwiri kwa yomaliza ku Sydney, komwe limafuna ma run 22 pa mipira 13 kuti ligonjetse England. Kudagwa mvula kwa mphindi zowerengeka, ndipo lamulo la mvula la masiku amenewo lidawadula mipira n'kuwasiyira umodzi wokha, ma run ofunika atangotsika ndi imodzi, kufika pa 21. Mu 1996 ku Karachi adathamangitsidwa ndi West Indies, Brian Lara atamenya 111, ndipo tsiku limenelo akuluakulu a timu adamusiya Donald pabenchi. Choncho pofika 1999 anthu ambiri ankati nthawi yawo yakwana. Adali ndi oponya oopsa, Donald ndi Shaun Pollock. Adali ndi Jonty Rhodes, amene ankauluka ngati kabawi kutsekereza mpira. Mtsogoleri adali Hansie Cronje, mphunzitsi adali Bob Woolmer. Ndiyeno kudali Lance Klusener, mnyamata wa ku Natal amene anzake adamupatsa dzina lakuti Zulu poti amayankhula Chizulu ngati chake, ndipo m'mpikisano umenewu ankalowa kumapeto n'kumaswa mpira ngati akuwaza nkhuni.

Edgbaston padali ngati pakhomo pawo. Bwaloli ndi la timu ya Warwickshire, imene Donald adaisewerera zaka zambiri, Woolmer adaiphunzitsapo, naye Pollock adaisewererapo. Chimodzi chokha chidali mbali ya Australia masewero asadayambe, ndipo chidalembedwa m'malamulo a mpikisano: matimu akafanana mphamvu pa ndime imeneyi, yopitirira ikhala imene idamaliza pamwamba pa inzake m'ndime yapitayo, yotchedwa Super Six. Australia idali pa nambala 2, South Africa pa nambala 3. Sindikhulupirira kuti alipo ambiri amene adalabadira ndime imeneyi m'mawa wa tsikulo. Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa kuti buku la malamulo limatsegulidwa zinthu zitavuta kale.

Ine masewerowa ndidawaonera ku Limbe, ndili mnyamata wongomaliza kumene sekondale, pa wailesi yakanema ya m'nyumba imene amalume ankagwirako ntchito. Dziko lathu lidali litangoponya voti pa 15 June, ndipo aliyense mtima udali ku zisankho, osati ku mpira wa azungu. Ku South Africa nako Thabo Mbeki adali atangolumbira dzulo lake. Tinkachemerera South Africa poti ndi anansi, ngakhale mwa anthu 11 aja mudali mmodzi yekha amene sadali mzungu, Herschelle Gibbs, ndipo amalume sadaleke kuchitchula chimenechi tsiku lonse.

Cronje adapambana pa kuponya ndalama nasankha kuti Australia iyambe kumenya. Pollock adatulutsa Mark Waugh asadapeze ngakhale run imodzi. Ricky Ponting adayesetsa mpaka 37, koma Donald atangolowa adamutulutsa, nabwereza pa Darren Lehmann m'ova yomweyo. Posakhalitsa Australia idali pa 68, anthu 4 atatuluka. Apa mtsogoleri wawo Steve Waugh ndi Michael Bevan adaganiza zodekha, nawunjika ma run 90 ali awiri, Waugh 56, Bevan 65. Kenaka Pollock ndi Donald adabwerera kudzasesa otsalawo, ndipo anthu 4 omaliza adagwa Australia itangowonjezera ma run 6. Zonse zidathera pa 213. Pollock adatulutsa anthu 5 napereka ma run 36, Donald adatulutsa 4 napereka 32. Manambala a Donald amenewa muwasunge, chifukwa omuimba mlandu sawatchula kawirikawiri.

Ma run 214 sadali phiri kwa timu ngati South Africa. Gary Kirsten ndi Gibbs adayamba mwamtendere mpaka 48 popanda wotuluka. Steve Waugh adapereka mpira kwa Shane Warne, ndipo apa m'pomwe masewero adatembenukira koyamba.

Warne sankaponya mwamphamvu ayi. Luso lake lidali kupotokola mpira ndi dzanja kuti ukagunda pansi ukhotere kwina. Koma chaka chimenecho ambiri ankati watha. Adachitidwa opaleshoni ya phewa mu 1998, ndipo masabata angapo chikhochi chisadayambe adamuchotsa m'timu pa masewero ena ku West Indies. Mpira umene adaponyera Gibbs udagwera cha kumiyendo kwake, n'kukhota kudutsa thabwa lonse, n'kukagwetsa kamtengo ka mbali inayo. Gibbs adaima kanthawi osamvetsa chamuchitikira. M'ova yotsatira Warne adagwetsa timitengo ta Kirsten, ndipo mipira iwiri pambuyo pake Cronje adatulutsidwa wopanda kanthu, woyimbira atagamula kuti mpira udakhudza thabwa usadawakhidwe, pomwe zithunzi zidaonetsa kuti udagunda nsapato. Masiku amenewo kudalibe kopita kukadandaula. Daryll Cullinan naye adagwidwa pakati pa ulendo ndi Bevan, ndipo 48 yopanda wotuluka idasanduka 61, anthu 4 atapita. Warne adamaliza maova ake 10 atatulutsa anthu 4 n'kupereka ma run 29 okha.

Jacques Kallis ndi Rhodes adachita zomwe adachita Waugh ndi Bevan, kutolera pang'onopang'ono ma run 84, Kallis 53, Rhodes 43. Koma kutolerako kudadya maova ambiri, moti pamene Klusener amalowa, pa 175 anthu 6 atatuluka, nthawi idali itatha. Anzake adayamba kumuthera m'manja. Pollock adapita pa 183, Mark Boucher pa 196, Steve Elworthy pa 198. Munthu womaliza, nambala 11, adali Donald, amene ntchito yake idali kuponya, osati kumenya. Padatsala mipira 8, ma run ofunika 16.

Mpira wotsatira wa Glenn McGrath, Klusener adaumenya m'mwamba kulunjika kumalire komwe kudaima Paul Reiffel. Akadauwakha, masewero akadathera pomwepo. Udamupulumuka m'manja n'kukagwera kunja kwa malire, ma run 6. Klusener adatenga run imodzi pa mpira womaliza wa ova imeneyo kuti iye yemweyo ayambe kumenya ova yomaliza. Padatsala ma run 9 pa mipira 6, woponya Damien Fleming.

Mpira woyamba Klusener adaumenya mwamphamvu moti palibe adasuntha n'komwe, ma run 4. Wachiwiri chimodzimodzi, ma run 4. Matimu adafanana pa 213. Padatsala mipira 4, ndipo South Africa imangofuna run imodzi basi. Pamene ndidakhala ine padalibe amene adakhalabe pansi.

Steve Waugh adaitana anyamata ake onse kuti asendere pafupi, atseke mipata yoti munthu n'kuba run imodzi. Mpira wachitatu Klusener sadaumenye bwino, udangopita kwa Lehmann. Donald adali atachoka kale pamzere wake pokonzekera kuthamanga, ndipo Lehmann adagenda timitengo ali pafupi kwambiri, naphonya pang'onong'ono. Donald adapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Apa ndi pamene ndimaimitsira nkhani ndikamakambirana ndi anzanga. Munthu amene wangopulumuka chotere, maganizo ake onse amakhala akuti ndisachokenso pamzere mwachisawawa. Mnzake, kumbali inayo, maganizo ake adali akuti mpira ukangokhudza thabwa ndithamanga. Amenewa adali maganizo awiri osiyana, ndipo ntchito yowagwirizanitsa ikadatenga mawu awiri atatu pakati pa bwalo. Akulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Mpira wachinayi Klusener adaumenyanso mosalongosoka, udadutsa pafupi ndi woponya kupita kwa Mark Waugh, ndipo iye adaliyatsa. Donald maso adali pa mpira, atapotolokera kumbuyo kuti ateteze mzere wake, osaona kuti mnzake akubwera. Potembenuka adapeza Klusener wafika kale pambali pake, onse awiri ali mbali imodzi. Thabwa lidamugwa m'manja. Mark Waugh adaponyera Fleming, Fleming adaugubuduza pansi kupita kwa Adam Gilchrist kumbali inayo, ndipo Gilchrist adagwetsa timitengo Donald ali kutali, akuthamanga chimanjamanja. Klusener sadaime n'komwe, adangopitirira ulendo wa kuchipinda chovalira. Adali ndi ma run 31 pa mipira 16, osatulutsidwa. Mipira iwiri idatsala yosaponyedwa.

Chithunzi cha Donald wopanda thabwa ndicho chidatsala m'maso mwa anthu. Ku ofesi fayilo ikasowa, mlandu umagwera mesenjala amene adaigwira komaliza, ngakhale idagona miyezi itatu pa desiki ya bwana. Tiyeni tibwerere m'mbuyo tione madesiki amene fayilo iyi idadutsa.

Poyamba, run imene ija sidali yokakamiza. Klusener adali ndi mipira ina iwiri, ndipo munthu amene wangomenya ma 4 awiri otsatizana akadatha kudikira mpira wabwino. Sindikunena izi pofuna kusamutsira mlandu kwa iye, chifukwa popanda iye South Africa sikadafika n'komwe pa 213. Mpikisano wonse adapeza ma run 281 natulutsa anthu 17, ndipo adasankhidwa kukhala katswiri woposa onse wa chikho chimenecho. Ndikungoti chisankho chothamanga chidali cha womenya, ndipo adachipanga pa mpira umene sudayenere.

Kachiwiri, funso lenileni ndi lakuti n'chifukwa chiyani kufanana mphamvu kudakomera Australia. Yankho lake lili masiku anayi m'mbuyo, pa 13 June, ku bwalo la Headingley mumzinda wa Leeds, komwe matimu awiri omwewa adakumana pa masewero omaliza a Super Six. Australia idayamba mpikisano moipa, idagonja kwa New Zealand ndi Pakistan, ndipo tsiku limenelo ikadagonja ikadapita kwawo. South Africa idapeza 271, Gibbs yekha 101. Australia ili m'madzi, Steve Waugh ali pa 56, adamenya mpira wofewa molunjika kwa Gibbs yemweyo. Gibbs adauwakha, koma adali ndi chizolowezi choponya mpira m'mwamba posangalala asadaugwiritse, ndipo udamupulumuka n'kugwa. Waugh adapitirira mpaka 120 osatuluka, Australia n'kupambana kutatsala mipira iwiri. Padamveka mbiri yakuti Waugh adamuuza Gibbs kuti wagwetsa chikho chenichenicho, koma mwini wake adadzakana kuti mawu ake sadali amenewo. Kaya adanena kaya sadanene, zotsatira zake zidali zomwezo: Pakistan, Australia ndi South Africa zidamaliza ndi mapointi 6 iliyonse, ndipo powerengera liwiro la kapezedwe ka ma run, Australia idakhala pamwamba pa South Africa.

Koma ngakhale Headingley si chiyambi. Chiyambi chili ku Chelmsford, pa 29 May, tsiku limene ambiri adaliiwala. South Africa idali itapambana masewero ake onse anayi a m'gulu, ndipo idatsala ndi Zimbabwe, timu imene idali isadaigonjetsepo South Africa chiyambire. Zimbabwe idapeza 233, Neil Johnson yekha 76. Johnson ameneyu adabadwira ku Harare koma kiriketi adakulira nayo ku South Africa, komwe adasewerapo ku Natal kwawo kwa Klusener. Atamaliza kumenya adatenga mpira n'kutulutsa Kirsten pa mpira woyambirira weniweni, natulutsanso ena awiri. South Africa idapezeka pa 40 anthu 6 atatuluka, ndipo idagonja ndi ma run 48.

Panthawiyo zidaoneka ngati kupunthwa kwa munthu amene wafika kale, poti South Africa idatsogolabe gulu lake. Koma malamulo a chaka chimenecho ankati timu ipite ku Super Six itanyamula mapointi amene idapeza kwa matimu okhawo amene yapita nawo limodzi. Kupambana kwa Zimbabwe kudagwetsa eni bwalo, England, amene South Africa idawagonjetsa kale, ndipo mapointi amenewo adapita nawo kumanda. M'malo monyamula mapointi 4, South Africa idanyamula 2. Ikadagonjetsa Zimbabwe, ikadamaliza Super Six ndi mapointi 8, pamwamba pa onse, ndipo kufanana mphamvu kulikonse pa ndime yotsatira kukadakomera iyo. Kunena zoona, mwina sikadakumana n'komwe ndi Australia pa ndime imeneyo. Anthu amene adaitsekera South Africa khomo, tikalondola bwino mapazi, adali anansi ake a kutsidya kwa Limpopo, masabata atatu Donald asadagwetse thabwa.

Pali ena amene amati lamulo lenilenilo ndilo lidali loipa, kuti masewero ofanana mphamvu sayenera kugamulidwa ndi masamu a masiku apitawo. Ine pamenepa sindili nawo kwenikweni. Lamulolo lidalembedwa mpikisano usadayambe, lidali lofanana kwa onse, ndipo linkapereka mphotho kwa timu imene idachita bwino m'mbuyomo. N'losiyana kutalitali ndi lamulo la mvula la 1992, limene lidalanda anthu mipira popanda chifukwa chomveka. Liposanso lija la 2019, pamene England ndi New Zealand zidafanana mphamvu pa ndime yomaliza ku Lord's, n'kufanananso pa ova yapadera, chikho n'kupatsidwa kwa England poti idamenya mipira yambiri yofika kumalire. Lamulo limenelo eni ake adalichotsa chaka chomwecho.

Patapita masiku atatu Australia idakumana ndi Pakistan ku Lord's, ndipo sadali masewero oti munthu n'kuwakumbukira. Pakistan idatha yonse pa 132, Warne adatulutsanso anthu 4. Australia idatenga chikhocho, n'kudzatenganso cha 2003 ndi cha 2007. Munthu ukaganiza kuti ufumu wonsewu udadutsira pa kampata ka run imodzi, mutu umazungulira.

Anthu a tsikulo adayenda njira zosiyana. Mu April 2000 apolisi a ku Delhi adaulula kuti Cronje ankalandira ndalama kwa anthu a juga ya masewero. Adavomera pamaso pa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Edwin King, adaletsedwa kiriketi moyo wake wonse, ndipo adafa pa ngozi ya ndege pa 1 June 2002 pafupi ndi tauni ya George. Woolmer adamwalira ku Kingston, Jamaica, mu March 2007, chikho china chili mkati, ali mphunzitsi wa Pakistan. Warne adamwalira ku Thailand mu March 2022 ali ndi zaka 52. Donald adapitiriza kusewera mpaka 2003, ndipo adakhala munthu woyamba wa ku South Africa kutulutsa anthu 300 m'masewero a masiku asanu. Koma mukatchula dzina lake kwa anthu ambiri, chimene chimabwera msanga ndi thabwa lili pansi.

Timu yake nayo idasenza dzina loipa, lakuti imatsamwa pa nthawi ya kumeza. Mu 2003, pakwawo ku Durban, idafanananso mphamvu ndi Sri Lanka mvula ikugwa, chifukwa chosawerenga bwino pepala la masamu a mvula. Boucher adangotchinga mpira womaliza poganiza kuti apambana kale, pomwe padafunika run ina imodzi, ndipo adatuluka mumpikisano. Mu 2015 ku Auckland adatulutsidwa ndi New Zealand kutatsala mpira umodzi, womenya 6 womalizayo ali Grant Elliott, mwana wobadwira ku Johannesburg. Mu 2023 ku Kolkata adagwanso pa ndime yachiwiri kwa yomaliza, kwa Australia yomweyo. Nthawi iliyonse zikatere, a wailesi yakanema amafukula chithunzi cha Edgbaston.

Mu June 2025, ku Lord's, South Africa idagonjetsa Australia pa ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse wa masewero a masiku asanu. Aiden Markram adamenya 136, ndipo amene adanyamula ndodo yaufumuyo adali mtsogoleri wakuda, Temba Bavuma, chinthu chimene amalume aja akadakonda kuchiona. Chikho cha maova 50, chija chidapulumuka ku Birmingham, South Africa sidachigwirebe. Bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse lidakonza zoti cha 2027 chidzachitikire m'maiko atatu, South Africa, Namibia ndi Zimbabwe.